Kuwotcha mbiya kuti zisaphulike

Mbiya ikaphulika pamoto anthu amathamangira kunena dongo, koma kawirikawiri mlandu ndi wa madzi otsalira m'kati. Kuno ku Santhe ndimaumba mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo mphika ndimauumitsa pamthunzi sabata ziwiri ndisanautulutse padzuwa. Mtsuko, poti ndi wochindikala, umafuna kuposa apo. Ugunditseni patsaya. Ukamazizira, sunaume.

Tsiku lowotcha musayambe ndi moto waukulu. Ndandalikani mbiya mozungulira kamoto kakang'ono, muzizitembenuza mpaka zitenthe moti dzanja silingakhalepo. Apa ndi pamene ambiri amatopa. Madzi amasanduka nthunzi pa madigiri 100, ndiye nthunziyo ikasowa potulukira, phuu! Imodzi ikaphulika imaswanso zinzake zoyandikana nazo.

Zikatentha, yalani nkhuni zouma pansi, ikanipo mbiya mozondotsa, zazikulu pansi. Pamwamba phimbani ndi mapale akale, kenako makungwa, zitsononkho ndi udzu. Ine ndimawonjezera ndowe zouma za ng'ombe chifukwa zimanyeka mofatsa, komanso nkhuni kuno zinatha ndi fodya. Yatsani madzulo mphepo itagona. Mphepo imakoleza mbali imodzi, kwinako n'kukhala kwaiwisi. Mukaona mbiya ikuonekera poyera, ponyanipo udzu msanga.

Moto wapabwalo wotere umafika madigiri 600 mpaka 900. Kupitirira 600, dongo lasanduka phale, silingasungunukenso m'madzi. Usiku mumaziona zitafiira psuu ngati makala, ndiye kuti zapsa. Opanga makapu onyezimira ngati a ku Dedza aja amawotcha kawiri mu uvuni. Koyamba, kumene amati bisque, amafika pafupifupi madigiri 1000 kuti kapu ilimbe koma izimwabe mankhwala onyezimiritsa. Ifeyo ntchito yathu imathera pa moto woyambawu.

Moto ukazima musazivundukule, ngakhale ogula akudikira. Mchenga wa m'dongo umafufuma mwadzidzidzi pa madigiri 573, ndipo pozizira umabwereranso pomwepo. Kamphepo kakazipeza nthawi imeneyi, ming'alu imayamba. Zisiyeni m'phulusa mpaka m'mawa.

Kukacha gogodani iliyonse ndi chala. Yabwino imalira ngwee, yong'aluka imangoti phwa. Yoteroyo musaitaye. Isinjeni mumtondo, musefe, ufa wakewo musakanize ndi dongo la ulendo wina, limapirira moto kuposa dongo lokhalokha.