Mmene ana a m'kalasi mwanga anasiyira kulemba zofanana

Ndimaphunzitsa Sitandade 3 kuno ku Mzuzu. Ndikawapatsa chimangirizo, ana onse ankalemba ziganizo zofanana, zija za pabolodi. Kuwaletsa kukopera sikunathandize, ngakhalenso kuwasinthira mitu.

Chinathandiza n'kuyambira pakamwa. Ndimawakhazika awiriawiri, wina afotokozere mnzake zimene waona m'mawa pobwera kusukulu: chifunga, matope a ku Chibavi, amayi ogulitsa nthochi. Wofuna kufotokoza m'Chitumbuka ndimamulola, poti ambiri ndicho amayankhula kunyumba. Kenako ndimati, "Lemba mmene wanenera muja." Tsiku limenelo cholembera chofiira sindichigwira n'komwe, chifukwa mwana akaona zofiira amachita mantha n'kubwereranso kukopera. Zolakwika timakonza mawa lake, mawu ochepa okha, ndipo nkhani yakeyo sindiisintha.

Zofunika ndi kope ndi pensulo basi.