Momwe bizinesi yaing'ono ingalembere kampani ina ntchito yosefa maimelo

Bizinesi ya anthu khumi kapena makumi asanu nthawi zambiri sikhala ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyang'anira maimelo okha, komabe maoda, ma-invoice ndi mapangano ake onse amadzera pa imelo. Khomo lomwelo ndi limene spam (makalata osafunika otumizidwa mwachisawawa kwa anthu ambiri) imalowera, pamodzi ndi mavairasi obisidwa m'mafayilo komanso makalata a akamberembere onamizira kuti ndi a kubanki. Njira imene mabizinesi ambiri atsata ndi yolipira kampani ina, monga Mimecast, Proofpoint kapena Barracuda, kuti izisefa makalata onse asanafike kwa ogwira ntchito, ndipo mtengo wake kawirikawiri umawerengedwa potengera chiwerengero cha anthu amene ali ndi ma-adiresi.

Musanatulutse ndalama, fufuzani kumene maimelo anu amasungidwa. Amene ali pa Microsoft 365 kapena Google Workspace ali nayo kale sefa yamphamvu ndithu, ndipo ambiri mwa iwo angofunika kuitchera bwino. Amene ntchitoyi ikuwafunika kwambiri ndi omwe ali ndi seva (kompyuta yolandira ndi kusunga maimelo) yawoyawo mu ofesi, kapena omwe maimelo awo anangobwera ngati basera pamene ankalipira malo osungira webusayiti.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Domain iliyonse (dzina lobwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo) ili ndi chidziwitso chotchedwa MX mu DNS yake, yomwe ili ngati kaundula wa ma-adiresi pa intaneti, ndipo chidziwitsochi chimauza maseva a dziko lonse kumene akatule makalata a domain imeneyo. Mukalembetsa ku kampani yosefa, mumasintha MX kuti iloze ku maseva awo. Iwo amalandira kalata, amaona kumene yachokera, amaunika mafayilo ndi maulalo amene ali mkati, kenaka yabwino amaipititsa ku seva yanu, yokayikitsa amaitsekera pamalo otchedwa quarantine, ndipo yoipa poyera amaikana pakhomo pomwepo.

Yambani ndi kulemba ma-adiresi onse a bizinesi yanu, osaiwala aja ogawana monga info@ ndi accounts@, chifukwa sefa yambiri imakana kalata yopita ku adiresi imene sinalembetsedwe. Onetsetsaninso kuti muli ndi pasiwedi ya kumene DNS yanu imayendetsedwa, pakuti m'mabizinesi ambiri pasiwediyo inapita ndi munthu amene anapanga webusayiti zaka zapitazo. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti musinthe, tsitsani TTL ya MX (nthawi imene maseva ena amasunga chidziwitsochi asanafunsenso) kufika pa masekondi 300, kuti maseva ena asasunge adiresi yakale kwa nthawi yaitali. Sankhani nthawi imene makalata ndi ochepa, monga Lachisanu madzulo, musinthe MX, ndipo mudzitumizire kalata yoyesera kuchokera ku Gmail kapena Yahoo. Ikafika, tsegulani mitu yake yobisika, pamene pali mizere yoyamba ndi mawu akuti Received, ndipo muyenera kuonapo dzina la seva ya kampani yosefayo.

Apa ndi pamene ambiri amalekezera, koma ntchito yeniyeni imakhala isanathe. Seva yanu imakhala ikulandirabe makalata kuchokera kwa aliyense amene akudziwa adiresi yake, ndipo otumiza spam amasunga ma-adiresi akale n'kumaponya makalata mwachindunji, osadzera ku sefa imene mukulipira. Zili ngati kulemba mlonda wapageti koma mpanda wakuseri uli wogumuka. Choncho chotsani MX yakale yonse, ngakhale ija mukuganiza kuti ingathandize sefa ikavuta, chifukwa akamberembere amaisaka mwadala. Kenaka tcherani firewall (chotchinga cha netiweki yanu) kapena seva yanu kuti pa port 25, khomo lolowera maimelo, izilandira makalata ochokera ku ma-adiresi a IP (manambala ozindikiritsa maseva) a kampani yosefayo okha, ndipo mndandanda wa ma-adiresiwo amaupereka iwo eni. Ine ndimaona kuti bizinesi imene yalephera kutseka khomo limeneli ikungotaya ndalama zake.

Ngati kampaniyo idzasefanso makalata otuluka, zomwe ndi zanzeru chifukwa kompyuta imodzi yogwidwa ndi vairasi ikhoza kuchititsa kuti domain yanu yonse iikidwe pa mndandanda wa otumiza spam, muyenera kukonza SPF yanu, yomwe ndi mndandanda wa mu DNS wa maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domain yanu, kuti itchule maseva awo. SPF imalola kufufuza mu DNS kakhumi kokha, kotero musamangowonjezera mayina popanda kuchotsa akale. Ikaninso DKIM (siginecha yotsimikizira kuti kalata ndi yanudi) ndi DMARC (lamulo louza maseva ena chochita ndi kalata yosatsimikizika), ndipo DMARC muyiyambe pa p=none, kutanthauza osalamula kuti kalata ikanidwe, kuti muziona malipoti kwa masabata angapo musanaikhwimitse. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo awo pa zimenezi, makamaka kwa otumiza makalata ochuluka, ndipo kalata yosatsimikizika tsopano imakanidwa mosavuta kuposa kale.

Masabata awiri oyambirira muzitsegula quarantine tsiku lililonse. Palibe sefa imene siphonya, ndipo kalata ya tenda kapena ya kasitomala watsopano ikatsekeredwa popanda wina kuiona, bizinesi imaluza osadziwa n'komwe. Konzani kuti wogwira ntchito aliyense azilandira m'mawa chidule cha makalata ake otsekeredwa, koma mphamvu yomasula kalata imene ili ndi fayilo yokayikitsa ikhale kwa munthu mmodzi kapena awiri odziwa zinthu. Samalani kwambiri ndi mndandanda wa ololedwa. Wina akadandaula kuti kalata yake sinafike, pamakhala chiyeso chololeza domain yonse ya wotumizayo kuti izidutsa osaunikidwa, koma tsiku limene akaunti ya wotumizayo idzabedwa, vairasi idzalowa popanda choiletsa. Musaike gmail.com yonse pa mndandandawo, ndipo musaikepo domain yanu yomwe, chifukwa ndi imene akuba amakonda kunamizira.

Posankha kampani, funsani kuti amasunga makalata anu kwa masiku angati seva yanu ikazima. Maseva otumiza amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu asanabweze kalata, koma kampani yabwino imasunga makalatawo n'kukupatsani tsamba lowawerengera pa intaneti pamene mukudikira, ndipo izi n'zofunika kwa aliyense amene seva yake ili kudera kumene magetsi amathimathima. Funsaninso kuti maseva awo ali m'dziko liti, ndani mwa antchito awo angawerenge makalata anu, ndiponso chimachitika n'chiyani ndi makalata osungidwawo mukathetsa mgwirizano. Ku Malawi kuli lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo makalata a bizinesi amakhala odzaza ndi mayina, manambala a foni ndi ma-akaunti a makasitomala. Makampani ambiriwa amalipiritsa m'madola kapena m'mapaundi, kotero funsani ngati ali ndi wowaimira amene angalandire makwacha, kuopa kuti ntchito ingaimitsidwe chifukwa chochedwa kupeza ndalama zakunja pamene makalata anu onse akudzera kwa iwo.

Pali chinyengo chimodzi chimene sefa imavutika kugwira. Akuba akaba pasiwedi ya kampani imene mumagulako katundu, amalemba kuchokera mu akaunti yeniyeni, pansi pa makalata anu akale, kunena kuti asintha akaunti ya kubanki ndipo mulipire ku nambala yatsopano. Kalata yotere ilibe vairasi, ndipo imadutsa SPF ndi DKIM bwinobwino. Ikani lamulo lakuti kusintha kulikonse kwa akaunti ya kubanki kuzitsimikizidwa poimba foni pa nambala imene munali nayo kale, osati yolembedwa m'kalatayo, ndipo akaunti iliyonse ya imelo pa bizinesi yanu izifuna nambala yachinsinsi ya pafoni kuwonjezera pa pasiwedi munthu asanalowe.