Kuonetsa hemoglobin pa silaidi: patent blue, DAB ndi zomwe zimasokoneza

Dokotala akapempha kuti muonetse hemoglobin pa kachidutswa ka impso, dzanja limathamangira ku Perls, poti hemoglobin ili ndi ayironi ndipo Perls ndi utoto wa ayironi. Silaidiyo idzatuluka yopanda kanthu. Njira imeneyi, yomwe Max Perls anaifalitsa mu 1867, imagwira ayironi yekhayo amene asidi wosalimba angathe kumumasula, monga wa mu hemosiderin (timibulu tosunga ayironi m'maselo). Ayironi wa mu hemoglobin ndi womangika zolimba pakati pa heme, gawo la hemoglobin lomwe limanyamula ayironiyo, ndipo hydrochloric acid wa 2% samusuntha. Maselo ofiira a magazi, ngakhale atadzaza mtsempha wonse, sasanduka buluu.

Chomwe timadalira ndi khalidwe lina la heme. Ikakumana ndi hydrogen peroxide imachita ngati peroxidase: imatenga mankhwala opanda mtundu n'kuwasandutsa utoto wooneka, pamalo pomwe yakhalapo. Njira zonse ziwiri zili m'munsimu, patent blue ndi DAB (diaminobenzidine), zaima pamenepa. Ndiye kuti peroxide ikakhala yakufa, kapena heme ikaonongeka musanayambe, palibe chomwe chingatuluke, ngakhale utoto wanu ukhale wabwino chotani.

Pa H&E wamba (utoto wa hematoxylin ndi eosin) maselo ofiira athunthu savuta kuwazindikira, ndipo palibe chifukwa chotayira mankhwala pa iwo. Ntchito imabwera hemoglobin ikatuluka m'maselo: zotsekera zofiirira m'timachubu ta impso maselo ofiira ataphulika m'mitsempha (munthu atapatsidwa magazi osagwirizana ndi ake, malungo aakulu otulutsa mkodzo wakuda, kapena kuchepa kwa enzyme ya G6PD yomwe imateteza maselo ofiira), timadontho ta pinki m'maselo a timachubuto, kapena pamene magazi anakhetsekera kale maselo n'kusungunuka.

Nkhani imathera mu botolo la fixative

Fixative ndi mankhwala osungira chiwalo kuti chisaole. Gwiritsani ntchito formalin wa 10% wa buffer, wa pH pafupifupi 7. Kachidutswa kasapitirire mamilimita 3 kapena 4 kunenepa, ndipo formalin achuluke kakhumi kapena kuposa kuyerekeza ndi kachidutswako. Tsiku limodzi ndi lokwanira. Kakapitirira maola 36, patent blue imayamba kupereka zotsatira zosadalirika, mwina kugwira mofooka, mwina kugwira mwa apo ndi apo. Chiwalo chomwe chakhala mu ndowa ya formalin kwa milungu chikapanda kuonetsa kanthu, musalembe kuti mulibe hemoglobin. Lembani kuti fixation inatalika.

Fixative aliyense wokhala ndi acetic acid, monga Bouin, Carnoy ndi Zenker, amaphulitsa maselo ofiira, hemoglobin n'kumwazikana kapena kukokoloka. Helly, yemwe ali ndi formalin m'malo mwa acetic acid, amawasunga bwino. Ngati n'fupa lofunika kulifewetsa, EDTA ndi yochedwa koma siononga ngati asidi wamphamvu.

Dulani pa ma micron 3 mpaka 5. Chotsani phula lomwe kachidutswa kanaikidwamo kuti kadulike, mu xylene kawiri, mphindi 5 ulendo uliwonse, kenako tsitsani silaidi mu alcohol wa 100%, 95% ndi 70% mpaka mu madzi a distilled. Phula likatsalira, mankhwala a m'madzi salowa, ndipo mudzaona zigamba zoyera zokhala ndi malire akuthwa.

Leuco patent blue V

Mawu akuti leuco akutanthauza kuti utotowo wauchotsa mtundu. Mumauchotsa dala ndi zinc, kenako heme ndi peroxide zimaubwezera.

Poyamba pangani stock, utoto wosunga womwe muzitapako. Sungunulani galamu 1 ya patent blue V mu madzi a distilled okwana 100 ml, thiranimo magalamu 10 a ufa wa zinc ndi 2 ml ya glacial acetic acid. Takasani mpaka buluu wakudayo atazimirira, patsale madzi otuwa obiriwira pang'ono chabe. Zinc ndi asidi zimatulutsa mpweya wa hydrogen, choncho chitani izi mu fume hood, kutali ndi moto, botolo lisanatsekedwe. Sefani, thirani mu botolo lakuda lotseka bwino, sungani mu firiji pa 4°C. Mpweya umabwezera mtundu pang'onopang'ono; stock ikaoneka ya buluu weniweni musanaithire peroxide, yatha ntchito, chifukwa idzapaka silaidi yonse popanda kusankha.

Utoto wothira pa silaidi umapangidwa silaidi zili kale m'madzi, osati m'mawa kudikira masana: 10 ml ya stock, 2 ml ya glacial acetic acid, ndi 1 ml ya hydrogen peroxide ya 3%. Thirani pa silaidi, dikirani mphindi 5. Tsukuluzani mwachangu ndi madzi a distilled. Pakani nuclear fast red ya 0.1% kapena neutral red ya 0.5% kwa mphindi imodzi, tsukuluzaninso, dutsitsani mu alcohol mofulumira, kenako xylene, n'kuvundikira. Kuzengereza mu madzi kapena mu alcohol wosalimba kumakokolola mitundu yonse iwiri, makamaka neutral red.

Hemoglobin imatuluka ya buluu wakuda, ma nucleus ofiira. Yambani kuyang'ana m'mitsempha ya magazi ya kachidutswa komweko musanapite pa chotsekera chomwe mukufuna. Maselo ofiira a m'mitsempha akagwira utoto, njira yayenda. Akakhala otuwa, siyani kuwerenga silaidiyo.

DAB

Amene amachita immunohistochemistry (kuonetsa zinthu pa silaidi pogwiritsa ntchito ma antibody) amadziwa vuto la maselo ofiira osanduka bulauni akaiwala kutseka peroxidase ya m'chiwalo. Pano cholakwika chimenecho ndiye ntchito yomwe tikuifuna. Musatseke chilichonse: silaidi isalowe mu peroxide ya 3% kapena mu methanol wosakaniza ndi peroxide isanafike pa DAB, apo ayi mwazimitsa nokha chomwe mumafuna kuona.

Muyezo wa Graham ndi Karnovsky wa mu 1966 ukugwirabe: 5 mg ya DAB mu 10 ml ya Tris-HCl buffer ya 0.05 M pa pH 7.6, ndi 0.1 ml ya hydrogen peroxide ya 1%, zomwe zimapereka 0.01% pomaliza. Ngati muli ndi ya 3% yokha, thirani ma microlitre 33. Peroxide ilowe komaliza, mutasefa kale. DAB ya mu kit ya immunohistochemistry imagwiranso chimodzimodzi. Siyani pa silaidi mphindi 5 mpaka 10, kuwala kusafikepo kwambiri, ndipo muziyang'ana control (silaidi yoyerekezera ya chiwalo chodzaza magazi) pa maikulosikopu. Maselo ofiira akafika pa bulauni wooneka bwino pomwe malo ena akadali oyera, imitsani ndi madzi. Hematoxylin yopaka ma nucleus pomaliza ikhale yopepuka, masekondi 30 kapena kucheperapo.

Ubwino wa DAB ndi woti bulauni wake sasungunuka mu alcohol kapena xylene ndipo safwifwa msanga. Kuipa kwake ndi mtundu womwewo. Hemosiderin, lipofuscin, melanin ndi ndulu zonse ndi zofiirira mwachibadwa, ndipo mu impso kapena chiwindi chodwala n'kosavuta kutenga china n'kuchitcha hemoglobin. Pa ziwalo zotere patent blue ndi yabwinopo, chifukwa palibe chinthu cha m'thupi chomwe chimabadwa cha buluu.

Mabuku akale amatchula njira za Lepehne ndi Pickworth, zomwe zimafuna benzidine. Benzidine imayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Ngakhale botolo lake litapezeka kuseri kwa shelefu, lisatsegulidwe. DAB nayo imakayikiridwa kuti ingayambitse khansa: valani magulovesi, pewani fumbi lake poyeza, ndipo zotsala zipite mu botolo la zinyalala zoopsa, osati mu sinki. Bulichi imachotsa mtundu koma zotsalira zake n'zoopsabe. Njira yodziwika yoiphera ndi potassium permanganate mu sulphuric acid.

Ma control awiri, ndi kuwerenga zomwe akunena

Nthawi iliyonse pakhale silaidi ya chiwalo chodzaza magazi, monga kapamba (spleen) kapena nsengwa, chokonzedwa mofanana ndi cha wodwalayo. Pakhalenso silaidi yachiwiri ya wodwala yemweyo yolandira mankhwala onse kupatula peroxide. Imeneyi ndiyo anthu amakonda kuidumpha, koma ndiyo imayankha funso lovuta: mtundu uliwonse womwe waoneka popanda peroxide si wa heme.

Zonse zikatuluka zoyera, control yomwe, woyamba kumukayikira ndi peroxide. Imaonongeka mwakachetechete ndi kuwala, kutentha ndi kutsegulatsegula, ndipo botolo limaoneka ngati mmene linalili. Dontho limodzi pa kadontho ka magazi atsopano liyenera kuchita thovu nthawi yomweyo. Likangokhala phee, tayani botololo. Wachiwiri ndi buffer yokhala ndi sodium azide, yomwe imamatirira pa heme n'kuitsekereza. Peroxide yochulukitsa nayo imapha: imaononga heme isanamalize ntchito, ndiye kuthira yambiri "kuti igwire bwino" kumangofooketsa utoto.

Silaidi yonse ikachita mtundu, mwina mankhwala anapangidwa kale n'kuyamba kusintha okha, mwina munasiya nthawi yaitali, mwina silaidi inauma ili mkati mwa ntchito. Timibulu takuda pamwamba pa kachidutswa ndi DAB yosasefa. Mtundu wofalikira mozungulira mitsempha, wopanda malire, umasonyeza kuti maselo anaphulika chiwalo chisanalowe mu formalin: chinachedwa pa tebulo, chinatsukidwa ndi madzi wamba, kapena chinaumitsidwa mu firiza.

Utoto ukagwira, ndi heme. Kuti ndi hemoglobin n'zina

Myoglobin ya m'minofu ilinso ndi heme ndipo imagwira utoto mofanana. Chotsekera cha m'kachubu ka impso cha munthu amene minofu yake yaphwanyika chimaoneka ngati cha munthu amene maselo ake ofiira aphulika, pa H&E, pa patent blue ndi pa DAB pomwe. Chosiyanitsa ndi ma antibody: wa hemoglobin pa silaidi ina, wa myoglobin pa inzake. Apa zinthu zimatembenuka. Ngati kit yanu ndi ya peroxidase ndi DAB, muyenera kutseka peroxidase ya m'chiwalo mokwanira, chifukwa chotsekeracho chikhoza kusanduka bulauni chokha popanda antibody, silaidi zonse ziwiri n'kuoneka ngati zagwira. Silaidi yosalandira antibody woyamba imaulula zimenezi. Kit ya alkaline phosphatase yotulutsa mtundu wofiira imalambalala vutoli.

Timibulu ta ma eosinophil ndi ma neutrophil tili ndi peroxidase yeniyeni ndipo tikhoza kugwira utoto. Maonekedwe a nucleus ndiwo amakuuzani kuti ndi maselo oyera. Mu mafuta a m'mafupa, pofuna maselo ofiira osakhwima, ma antibody a glycophorin A kapena CD71 amathandiza kuposa utoto wa peroxidase, chifukwa maselo osakhwima kwambiri amakhala asanapange hemoglobin yokwanira kuoneka.

Kwatsala timibulu tiwiri takuda tochokera ku heme, tomwe Perls satigwira ndipo tonse timanyezimira pa polarized light. Formalin pigment imapangika formalin akachita asidi, pH itatsika pansi pa 6, m'chiwalo cha magazi ambiri. Imamwazika pamwamba pa mitsempha ndi kunja kwa maselo. Hemozoin ya malungo imakhala mkati, m'maselo ofiira okhala ndi tizilombo ndi m'ma macrophage monga maselo a Kupffer a m'chiwindi. Picric acid wosungunula mu alcohol mpaka kukhuta amachotsa zonse ziwiri, formalin pigment msanga, hemozoin mochedwa, nthawi zina usiku wonse. Chitani izi pa silaidi yapadera, ina ikhale yosakhudza, kuti muziyerekeze musanalembe lipoti.