Mmene ndinapewera kusinthira ndege ku America

Tikiti yotchipa yopita ku Mexico City inali yodutsa ku America. Nkhawa yanga inali pa foni, chifukwa muli mauthenga a anthu amene anandikhulupirira. Ku America ngakhale wongosintha ndege amadutsa kwa oona zolowa ndi kutuluka, ali ndi visa kapena ESTA (chilolezo cholowera ku America chofunsira pa intaneti), ndipo iwowo angathe kufufuza foni popanda chilolezo cha khoti. Wodutsa naye amamangidwa ndithu: Meng Wanzhou, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya ku China ya Huawei, anagwidwa ku Vancouver, m'dziko la Canada, mu December 2018 akusintha ndege.

Ndinasankha yodutsa ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, tikiti imodzi mpaka kofika, kuti ndisatuluke m'chigawo cha odutsa cha pa bwalo la ndege. Inakwerako mtengo, koma sindikudandaula. Foni ndinaichotsa zachinsinsi, n'kuizimitsa tisanatere.