Mwana wasankha Computer Studies: mmene mungamuthandizire kunyumba

Teremu yoyamba ikangoyamba, makolo amandipeza pakhomo la labu ndi funso lomwelomwelo: "Aphunzitsi, mwanayu watenga Computer Studies, ndiye timugulire laputopu yanji?" Ndimaphunzitsa phunziroli pa sekondale ina muno mu Mzuzu, ndipo ndimawauza kuti za laputopu ziyambe zadikira. Poyamba mugulireni kope la timabokosi lija la masamu, rula yachitsulo, pensulo yolimba ya 2H ndi fulashi yosungiramo ntchito za pa kompyuta. Ndalama ikatsalako, funsani m'mashopu a hadiweya mtaunimu ngati ali ndi vernier caliper, kachipangizo kokhala ngati sipanala kamene kamayeza kunenepa kwa chinthu mpaka tizigawo ta milimita.

Ena amakhumudwa ndikatero, poganiza kuti ndikumubweza mwana m'mbuyo. Koma taonani mmene makina a m'mafakitale amasiku ano amagwirira ntchito. Kaya ndi CNC, makina olamulidwa ndi kompyuta odula zitsulo ndi matabwa, kaya 3D printer youmba zinthu ndi pulasitiki wosungunula, makinawo samva zoti "dulako pang'ono chabe". Munthu amayeza chinthu, n'kuchijambula pa kompyuta, kenako pulogalamu imasandutsa chojambulacho kukhala malangizo otchedwa G-code, mzere ndi mzere: yenda mamilimita 40 kumanja, tsika mamilimita 2. Muyeso ukalakwika poyambapo, makinawo amangotsatira cholakwikacho mokhulupirika mpaka chitsulo chonse kuwonongeka.

Nkhani imayambira posankha maphunziro polowa fomu 3. Ngati sukuluyo ili ndi Technical Drawing, Metalwork kapena Woodwork, mwana atengeko limodzi kuti liziyendera pamodzi ndi Computer Studies. Masamu ndi Physics asazisiye zivute zitani. Mayunivesite a boma amafuna ma credit 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo credit ndi giredi yoyambira 1 kulekeza 6. Wofuna za uinjiniya, Masamu ndi Physics ziyenera kukhala m'gulu limenelo. Sukulu zambiri, makamaka ma CDSS, zilibe nyumba yophunziriramo ntchito zamanja. Zikatero, pitani nokha inu makolo kwa kalipentala kapena wowotcherera zitsulo amene mumamudziwa, kaya ku Luwinga, ku Chibavi kapena ku Zolozolo, mukamupemphe kuti mwana azibwera Loweruka m'mawa. Munene momveka kuti mukufuna aphunzire kuyeza ndi kuwerenga chojambula, chifukwa mukapanda kutero azikangosesa utuchi ndi kutumidwa kokagula misomali.

Ntchito ya kunyumba imene ndimaikonda ndi iyi. Mwana asankhe kanthu kamodzi kothyoka kapena kosowa pakhomo, akayeze, akajambule m'kope mbali zitatu: kutsogolo, pamwamba ndi m'mphepete, muyeso uliwonse ataulemba m'mamilimita. Akatero apereke pepalalo kwa mmisiri popanda kufotokoza chilichonse ndi pakamwa. Mmisiri akafunsa funso, ndiye kuti pepalalo lasiya china chake, mwana abwerere akakonze.

Mnyamata wina wa fomu 3, amene bambo ake amayendetsa kabaza, anafuna kupanga chogwirizira tochi pa handulo ya njinga, poti bambowo amaweruka kutada. Anayeza handulo ndi rula n'kulemba 22. Kalipentala anaboola kathabwa bowo la mamilimita 22 ndendende monga pepala linanenera. Atavula labala wa pa handulo n'kuyesa kulowetsa, kathabwako kanakana. Anabwera nako ku labu nkhope ili gwa, akuti kalipentala walakwitsa. Ndinamupatsa vernier caliper kuti akayezenso, ndipo mawa lake anabwera ndi nambala ina: 22.2. Kagawo kakang'ono kameneko, kosaoneka pa rula, ndi kamene kanatseka njira. Anajambulanso, bowo n'kulilemba 22.5, anaika mpata wong'amba mbali imodzi ndi bawuti yomangira kuti chogwiriziracho chifinye handulo. Kalipentala anakuza bowolo ndi tupa yozungulira, chinthu n'kulowa bwinobwino. Mpata wapakati pa bowo ndi handulo umenewu akatswiri amautcha clearance, ndipo mnyamatayu anaumvetsa asanalimve dzinalo.

Tsopano za kulemba mapulogalamu. Mu labu yanga makompyuta oyaka ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana, moti mwana mmodzi akhoza kugwira kiyibodi mphindi zochepa chabe pa sabata. N'chifukwa chake ndimati pulogalamu iyambire m'kope. Mwana alembe masitepe onse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mmene akuganizira, kenako awatsatire ndi pensulo ngati kuti iyeyo ndiye kompyuta, akulemba nambala imene ikutuluka pa sitepe iliyonse. Pofika pa makina amakhala akungotayipa zimene waganiza kale. Wa fomu 1 ndi 2 ayambe ndi Scratch, imene mwana amalumikiza timabokosi ta malangizo m'malo motayipa, ndipo ili ndi mtundu wogwira ntchito popanda intaneti. Wamkulupo alowe mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu motayipa. Ngati pakhomo pali foni ya Android, ikanimo Pydroid 3, pulogalamu yolembera Python pa foni. Mukangoitsitsa kamodzi, mapulogalamu wamba amayenda popanda bandulo. Mubwerekeni foniyo ola limodzi madzulo, inu muli pomwepo.

Pulogalamu yoyamba ikhale ya zinthu zimene amaziona. Ine ndimawapatsa iyi: thabwa ndi lalitali mamilimita 2400, ukufuna zidutswa za mamilimita 400, zituluka zingati? Onse amafuula kuti 6. Ndiye ndimawafunsa kuti utuchi umachokera kuti. Sowo yamagetsi imadya mamilimita pafupifupi 3 paliponse yadula. Kuti upeze zidutswa 6 uyenera kudula kasanu, mamilimita 15 apita, chidutswa chomaliza chaperewera, ndiye zokwanira bwino ndi 5 basi. Kalasi imakhala chete kakanthawi, kenako amayamba kukangana mmene angaikire mamilimita atatuwo m'pulogalamu. Mkangano umenewo ndimausiya utenge nthawi yake. Kunyumba mungachite chimodzimodzi ndi malata, nsalu ya telala kapena mapaipi.

Muphunzitseni kusunga ntchito yake pafupipafupi, Ctrl ndi S, chifukwa magetsi akathima sachenjeza. Ntchito iliyonse ikhale pawiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo fulashiyo isamayendeyende m'malo otsitsira nyimbo ndi mafilimu, kumene imatola mavairasi. Mayeso a MANEB a phunziroli ali ndi gawo lochita pa kompyuta, choncho kutayipa, ma spreadsheet (matebulo owerengetsera manambala) ndi ma database (nkhokwe zosungira mauthenga mwadongosolo) azizolowera ndi manja ake.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima. Ana akakhala anayi pa kompyuta imodzi, mausi imathera m'manja mwa mnyamata, mtsikana n'kukhala wolemba zimene anzake apeza. Ine ndimawasinthanitsa ndi wotchi. Kunyumba ndi inu mungakonze: ola la foni lija lisagwere nthawi imene mtsikana ali pamoto kuphika nsima pamene mlongo wake akuseweretsa foniyo.

Laputopu ibwere pamene kope layamba kudzaza. Yakale ndi yokwana, bola ikhale ndi RAM (memore yogwirira ntchito) ya 8 GB ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga), ndipo musanalipire izuleni kumagetsi muone kuti batire ikhala nthawi yotalika bwanji. Ikanimo FreeCAD, pulogalamu yaulere yojambulira zinthu za mbali zonse imene siifuna intaneti. Tinkercad ndi yosavuta koma imayenda pa intaneti basi, ndiye imadya bandulo. Chinthu choyamba kujambula mu FreeCAD chikhale chomwe chija anachijambula kale m'kope, miyeso yake yomweyo. Makolo atatu kapena anayi akhozanso kusonkherana n'kugula Arduino Uno imodzi. Ndi kabolodi kakang'ono kamene kamalola pulogalamu kulamulira zinthu zogwirika; ntchito ya Arduino inayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005, kuti ithandize ana asukulu amene sanali akatswiri a zamagetsi. Ayambe ndi kuthwanimitsa kanyale ka LED kudzera pa resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, ya ma ohm 220, kenako aikeko sensa ya DHT11 yoyeza kutentha ndi chinyezi. Ndi mvula ya kuno yosatherapo ija, aliyense woumitsa khofi kapena matabwa angafune kudziwa manambala amenewo.

Akamaliza fomu 4, njira zilipo. Mzuzu University ku Luwinga kuno imaphunzitsa ICT, maphunziro a makompyuta ndi kulumikizana. MUBAS ku Blantyre ili ndi maphunziro a uinjiniya, ndipo MUST ku Thyolo ili ndi Manufacturing Engineering. Palinso Mzuzu Technical College ndi makoleji ena a ntchito zamanja amene amayendera dongosolo la TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Njira ya ku koleji ya ntchito zamanjayi musaiyese ya olephera. Munthu wodziwa kuwotcherera amene amathanso kujambula pa kompyuta ndi amene angaime pa makina a CNC.

Kope lija musalitaye ngakhale litada ndi girisi. Tsamba lililonse alembepo deti, chimene anayeza, chimene chinakana ndi mmene anachikonzera. Tsiku lokapempha malo ophunzirira ntchito, alinyamule pamodzi ndi kanthu kamene anapangako, akaike patebulo la mwini wake wa malowo.