Musalembe kuti "kulibe" pamene mwangolephera kuiona nyama

Mafomu ambiri owerengera nyama amene ndimalandira kuchokera kwa makomiti oyang'anira zachilengedwe m'midzi yozungulira nkhalango amakhala ndi vuto limodzi. Pa mzere wa ngaka alemba "kulibe". Pa kambuku, "kulibe". Ndikafunsa kuti munayenda kangati, yankho limakhala lakuti kamodzi, Lachiwiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo ngaka ili m'dzenje, kambuku wagona pamthunzi pena pake, mwina akukuonani mukudutsa. Chimene mwapeza tsiku limenelo n'chakuti simunaione, ndipo n'chimene muyenera kulemba.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti nyama ilipodi m'dera lanu, koma pa maulendo khumi alionse mumaiona kapena kupeza mapazi ake maulendo atatu okha. Mukapita kamodzi, mwayi woiphonya ndi 70 pa 100. Mukapita katatu umatsika kufika pa 34. Kasanu, 17. Kasanu ndi katatu, pafupifupi 6. Ndiye kuti ngakhale mutayenda kasanu, pa madera 100 amene nyamayo ilimo, 17 mudzawalemba kuti mulibe kanthu. Akatswiri motsogozedwa ndi Darryl MacKenzie anasindikiza mu 2002 njira yowerengera nyama yoganizira vuto limeneli, ndipo maziko ake ndi osavuta: pitani pamalo amodzimodzi kangapo, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe pawokha. Mukaiona ulendo wachiwiri koma woyamba ndi wachitatu ayi, mapepala atatuwo akutiuza kuti nyamayo imaphonyeka kangati ilipo. Mukawaphatikiza kukhala pepala limodzi lakuti "ilipo", nkhani yonseyo yatayika.

Maulendowo akhale oyandikana, mkati mwa milungu iwiri kapena itatu. Mukapita mu Okutobala n'kubwereranso mu Febuluwale, nyama zimakhala zasamuka kutsata madzi ndi msipu. Ngati n'kotheka, asinthane anthu, ndipo amene anapita dzulo asauziretu wa lero pamene anaona mapazi.

Nyengo nayonso imanyenga. Mu Okutobala nthaka imauma gwa, gwape angadutse osasiya chizindikiro. Mvula ikagwa usiku imafufuta zonse, ndipo pofika Marichi udzu umakupitirirani m'mutu. Malo abwino ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje ndi m'madambo, m'mamawa dzuwa likadali pansi, pamene phazi limaoneka ndi kamthunzi kake. Ngakhale ndege yowerengera nyama imaphonya. Ku Nkhotakota, kumene anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, mitengo ndi yothinana moti chinyama chachikulu ngati njovu chimabisika pansi pa masamba. Nanga nungu?

Palinso kulakwa kwa mbali inayo, kulemba nyama imene kulibe. Phazi la fisi limaonetsa zikhadabo kutsogolo kwa zala, la kambuku siliwonetsa chifukwa amabweza zikhadabo zake poyenda. Mukakayika, ikani bokosi la machesi pambali pa phazilo, jambulani ndi foni, lembani kuti "sitikutsimikiza". Palibe amene adzakudzudzuleni pa zimenezo.

Za makamera otchera m'tchire ndinene mosabisa, chifukwa inenso anandichititsapo manyazi. Ndinamangirira ina pamtengo, ndinabwerako patatha mwezi, ndipo ndinapeza zithunzi zambirimbiri za udzu ukugwedezeka ndi mphepo, mabatire atatha sabata yoyamba yomwe. Ndikanalemba kuti kamera inakhala masiku 30 osaona kanthu, likanakhala bodza, chifukwa inagwira ntchito masiku osakwana asanu ndi awiri. Lambulani udzu kutsogolo kwake, imangeni cha m'mawondo moyang'ana njira ya nyama, isapenye kotulukira kapena kolowera dzuwa, ndipo werengani masiku okhawo amene inali yamoyo. Fisi amatafuna makamera, njovu imazula, ndiye muziyendera.

Pa fomu iliyonse pakhale tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, mtunda umene mwayenda, anthu angati, ndi mmene kunja kunalili. Fomu ya tsiku limene simunaone kanthu musaitaye poopa kuti muoneka aulesi. Imeneyo ndimaifuna mofanana ndi ija mwalembapo njati makumi awiri.

Koma tsiku limene mwapezadi ngaka, malo ake apite kwa mkulu woyang'anira nkhalango yekha. Musaponye chithunzi pa gulu la WhatsApp, chifukwa ogula mamba ake nawonso ali ndi mafoni.