Momwe mungamangire kahotela ka zipinda zochepa pamwamba pa nyumba ya mashopu ku Dedza

Nyumba ya mashopu yokhala ndi denga la konkire pa boma la Dedza itha kunyamula zipinda za alendo zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi pamwamba pake. Alendo alipo: oyenda pa msewu wa M1, odutsa pachipata cha Mozambique, komanso obwera kudzaona zojambula za m'miyala ku Chongoni, zomwe UNESCO idazizindikira mu 2006. Koma musanaganize za makatani, onani kulemera ndi madzi.

Choyamba, injiniya ayeze nyumbayo

Mmisiri amene adamanga nyumbayo sakwanira pano. Pezani injiniya wolembetsedwa, mumupatse mapulani akale ngati alipo, akumbe pambali kuti aone maziko, ayeze mizati ndi mabimu (mitanda ya konkire yogona pamwamba pa mizati). Silabu (konkire yoyalidwa pamwamba pa nyumba) yomwe idapangidwa ngati denga chabe nthawi zambiri amaiwerengera katundu wa makilogalamu 75 mpaka 150 pa sikweya mita. Chipinda chogona alendo chimafuna 200, ndipo malo odyera amafuna oposa apo. Kumbukiraninso kuti dera lino lili m'mphepete mwa chigwa cha zivomezi. Chivomezi cha ku Salima mu 1989 chidagwetsa nyumba. Injiniya akakana, lekani.

Akavomera, pulani ipite ku khonsolo ntchito isanayambe. Chiphaso cha malo ogona alendo chimabwera padera.

Mangani zopepuka, pamwamba pa mizati

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Khoma la njerwa lokhuthala masentimita 23, lotalika mamita 2.7, limalemera kuposa tani imodzi pa mita iliyonse. Mukaliika pakati pa silabu, pomwe pansi pake palibe bimu, silabu imawerama pang'onopang'ono, ndipo mudzazindikira poona ming'alu pa siling'i ya shopu ndi zitseko zokana kutseka. Gwiritsani ntchito mafelemu achitsulo kapena matabwa a paini othiridwa mankhwala, mutchinge ndi mabolodi a simenti. Mizati yatsopano ikhale ndendende pamwamba pa yakale, yomangidwa ndi mabawuti. Malata nawo amangidwe zolimba, chifukwa mphepo imene simukuimva pansi, pamwamba imazula denga.

Miphika ya maluwa isakupusitseni: dothi lonyowa lakuya masentimita 30 limalemera pafupifupi theka la tani pa sikweya mita.

Tsekani madzi musanaike khoma lililonse

Konzani kaye kutsetsereka. Thirani simenti yosalaza yotsika sentimita imodzi pa masentimita 60 alionse kulozera ku mapaipi otulutsira madzi. Mapaipiwo akhale osachepera awiri, komanso kabowo kosefukira m'khoma la m'mphepete, poti masamba amatseka paipi usiku umodzi wokha.

Kenako matani phula la pepala lomata ndi moto, la mamilimita 4, lipindikire m'makoma masentimita osachepera 15. Denga silidonthera pakati kawirikawiri. Limadonthera m'makona ndi pomwe paipi yaboola silabu. Choncho mabafa muwaike moyang'anana misana kuti mabowo achepe. Mukamaliza, tsekani mapaipi, dzazani madzi akuya masentimita 5, muwasiye maola 48, wina akuyang'ana siling'i pansi. Matailosi abwere pambuyo pa mayeso amenewa, ndipo ntchito yonseyi ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala. Phula lomatidwa pa konkire yonyowa limatupa n'kumatuka.

Zipinda ziyang'ane kumpoto

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kumalowa m'mafupa. M'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe mphepo ya mwera imachokera kummwera chakummawa. Mawindo akuluakulu ndi khonde ziloze kumpoto. Mabafa ndi chipinda chosungira katundu zitchinge mbali ya mwera. Ikani zofunditsa zotchinga kuzizira za masentimita 5 mpaka 10 mkati mwa makoma ndi pansi pa malata. Zimasunga kutentha, zimachepetsanso phokoso la mvula ndi la malole a pamsewu.

Chipinda cha masikweya mita 20, bafa mkati momwemo, chikwana. Ngati windo limodzi litha kuonetsa phiri la Dedza, bedi liyang'ane komweko, poti ndicho mlendo akulipirira. Zokongoletsa musazifune kutali: mbiya ndi makapu owumbidwa konkuno, mphasa, nsalu za chitenje.

Madzi ndi magetsi

Alendo 12, aliyense malita 150 patsiku, ndi malita 1,800. Mukaonjeza khitchini, zochapa ndi masiku amene mipope yauma, mufunika thanki ya malita 5,000, ndiye matani asanu. Thanki yaikuluyo ikhale pansi, pampu izikweza madzi ku kathanki ka malita 1,000 koikidwa pamwamba pa mzati. Dziwaninso kuti thanki yokwera mamita awiri okha pamwamba pa shawa imangodonthetsa madzi, ndiye ikani kapampu kowonjezera mphamvu. Giza ya sola iyang'ane kumpoto, koma ikhalenso ndi magetsi othandizira, chifukwa chiperoni chikagwira masiku atatu mlendo asamba madzi ozizira, ndipo sabweranso. Mabatire asunge magetsi a m'masitepe, pampu ndi intaneti pamene a ESCOM azima.

Njira yokwerera ndi yothawira

Alendo asadutse m'shopu. Apatseni khomo lawo ndi masitepe otambalala mamita 1.2, sitepe iliyonse yokwera masentimita 17, popondapo 28. Payenera kukhala masitepe achiwiri mbali ina, makamaka ngati pansi pali lesitilanti kapena shopu ya penti. Mpanda wa m'mphepete utalike mamita 1.1, zitsulo zake zoimirira, mipata yosapitirira masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe. Zitsulo zopingasa ana amazisandutsa makwerero. Masilinda a gasi akhale panja m'khola lopita mphepo, ndipo waya wa mphenzi utsike mpaka m'nthaka, popeza nyumba yanu tsopano ndiyo yaitali pamzerewo.